Bwerani Mudzawaone

Chaka chatha, ndili Fomu 3, ntchito yotunga madzi inali yanga. Timakhala ku Ndirande, m'nyumba za lendi zomangidwa mdadada umodzi. Zitseko zonse zimayang'ana bwalo limodzi, ndipo bafa ndi chimbudzi timagawana. Mpopi uli kutsogolo kwa nyumba ya eni malo, mayi achikulire amene tonse timangowatchula kuti alandilodi. Sungatunge madzi pamenepo osapereka moni, ndipo moni wa pampopi suthera pa "mwadzuka bwanji".

Achemwali anga anabwerera kunyumba mvula itangoyamba. Ankasoka zovala pa fakitale ina ku Makata, ndipo ankakhala ku Chilomoni ndi amuna awo. Alamuwo atamwalira, iwonso anayamba kutsokomola ndi kuwonda, mpaka ntchito inawakanika. Tsiku limene anafika anali atavala juzi kunja kukutentha. Amayi atawaona anangowalandira chikwama. Bambo athu anatisiya ndili wamng'ono, choncho m'nyumbamo tinali atatu.

Dzina la matendawo ndinkalidziwa. Achemwali anandiuza okha tsiku lina ndikuwapaka mafuta kumsana.

"Akuchipatala andiuza. Ndi Edzi. Usalire iwe, undinyowetsa msana."

Amayi anaika lamulo lawo. Chitseko chizikhala chotseka, ndipo wina akafunsa ndiziyankha kuti ndi malungo. Sindikufuna kuti wina awaone ngati munthu wouma mtima. Iwo ndi amene ankachapa zofunda za achemwali m'mawa uliwonse asanapite kumsika kukagulitsa tomato ndi anyezi. Ankaopa kuti anthu akamva asiya kugula pa benchi lawo. Ankaopanso alandilodi, amene anali atanenapo poyera kuti safuna matenda achilendo m'bafa mwawo, ndipo tonse tinkadziwa kuti mawu awo sathera pakamwa. Tikanachotsedwa, tikanapita kuti ndi munthu wosatha kuyenda?

Koma ine ndinali ndi malamulo enanso awiri m'mutu. Kusukulu, aphunzitsi athu a sayansi ankatiuza kuti nthawi yobisa zinthu inatha. Ankati tili ku pulayimale akuluakulu ankatsitsa mawu akafuna kunena za dziko, koma tsopano ndi matipate, aliyense akulankhula, ndipo matendawa akufalikira chifukwa choti tikuwachitira manyazi. Ndinkawakhulupirira, ndipo mpaka pano ndimawakhulupirira. Kutchalitchi nako tinaphunzira kuti bodza ndi bodza basi, palibe laling'ono. Ndikaganiza zomvera amayi, ndinkaona kuti ndinama. Ndikaganiza zomvera aphunzitsi, ndinkaona katundu wathu ali pabwalo. Ndinkalemba maganizo amenewa m'kope langa la tsiku ndi tsiku ngati samu, mbali iyi ndi mbali iyo, koma yankho silinkatuluka.

Ndiye ndinathawa mpopi. Ndinayamba kukatunga kutsidya kwa msewu, kumene kunalibe wondidziwa. Kunali kutali, khosi linkandiwawa, ndipo kusukulu ndinkafika belu litalira kale.

Amene anazindikira ndi amayi a pakona. Timawatchula choncho chifukwa nyumba yawo ndi yomalizira pamdadada. Ndi Asena a ku Nsanje, Akatolika, ndipo amakazinga mandasi pakhonde pawo. Si munthu wofatsa ayi. Anakanganapo ndi pafupifupi aliyense chifukwa cha chingwe choyanikira zovala, ndipo akakwiya Chichewa chimawathawa, amangothira Chisena chokhachokha. Ine amanditchula kuti "a Fomu". M'mawa wina ndikudutsa ndi ndowa pamutu anandiimitsa ndi chipande.

"A Fomu, mpopi wathu wakulakwirani chiyani?"

Ndinatula ndowa. Sindinafune kuulula, koma ndinali nditatopa ndi kusenza nkhaniyo ndekha. Ndiye ndinayamba monga mmene timayambira pa dibeti kusukulu.

"Amayi, tiyerekeze kuti pali munthu wina amene ali ndi m'bale wake wodwala."

"Munthu winayo ali ndi ndowa ya buluu ngati yakoyi?"

Ndinaseka misozi ili m'maso. Ndinawafotokozera malamulo anga atatu aja, osatchula dzina la matenda, ndipo iwo sanandifunse. Ankatembenuza mandasi akumvetsera. Nditamaliza anapukuta manja pachitenje.

"Amayi ako akuti unene malungo. Aphunzitsi akuti ulengeze. Abusa akuti usaname. Chabwino. Nanga mwini matenda akuti chiyani?"

Masabata onsewo ndinkawasambitsa achemwali, kuwadyetsa phala, kugona nawo chipinda chimodzi, koma sindinawafunsepo zimenezo.

Amayi a pakona anaphula poto, anaika mandasi otentha m'kambale, n'kuyamba kuyenda kulunjika kwathu. Ndinawathamangira ndikuwauza kuti amayi analetsa. Iwo anangoti "Odi kuno!" uku akukankha chitseko.

M'chipindamo munali mdima ndi fungo la mankhwala. Achemwali anayesa kukokera bulangete kumaso, koma amayi aja anali atakhala kale pamphepete pa mphasa, miyendo atatambasula ngati kwawo.

"Mwagona bwanji, atelala athu? Ine bulauzi yanga yang'ambika kukhwapa kalekale, ndimangomva kuti mwabwera koma simukutuluka. Ndimayesa mwanyada."

"Kunyada ndi mafupa awa, amayi?"

"Mafupa tonse tili nawo. Ena tangowakutira kwambiri."

Achemwali anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Kuyambira tsiku limene anafika, ndinali ndisanamve kuseka kwawo. Ananyema ndasi, n'kudya kachidutswa kakang'ono. Kenaka amayi a pakona anandiloza ndi chibwano.

"Mng'ono wanuyu akuthyoka khosi ndi madzi akutsidya. Akuti sakudziwa choyankha pampopi. Muuzeni inuyo."

Achemwali anandiyang'ana. Atayamba kulankhula, ankalankhula pang'onopang'ono, akupumira.

"Dzina la matendawa ndi langa. Ndidzalinena ndekha kwa amene ndafuna kumuuza. Koma malungo usanene, sindifuna uzinama chifukwa cha ine. Chimene chikundipweteka ndi chitsekochi. Ndimamva anthu akudutsa. Ndafika podziwa aliyense ndi kulira kwa patapata wake. Koma palibe amene amaima."

"Wamva?" anatero amayi a pakona. "Ndiye akakufunsa uziti, akudwala, bwerani mudzawaone."

Nditawaperekeza mpaka pakhomo pawo ndinawafunsa ngati kumeneko sikubisa komwe. Ndinali wa Fomu 3, ndinkafuna zinthu zikhale zolongosoka.

"Akudwala kapena sakudwala?"

"Akudwala."

"Ukufuna anthu abwere kapena sukufuna?"

"Ndikufuna."

"Ndiye wanama pati? Tenga ndowa yako, mandasi anga akuzizira."

Zinanditengera masiku kuti ndimvetse mphamvu ya mawu amenewo. Kwathu kuno, kufunsa za wodwala uli pampopi sikukutayitsa kanthu. Umafunsa, umagwedeza mutu, umakafotokozera wina. Koma akakuitana kukazonda matenda, sungayankhe kuti ayi anthu akumva. Ndipo supita chimanjamanja. Ukafika umakhala pansi, umafunsa mmene munthu wagonera, ngati wadya, ngati thupi likupepuka. Palibe amene amakhala pamphasa ya wodwala n'kumufunsa dzina la matenda ake. Likatuluka, limatuluka m'kamwa mwa mwini wake.

M'mawa mwake ndinabwerera pampopi wathu. Ndowa zinali pamzere, azimayi akucheza za mitengo ya sopo. Nditangofika, mayi wina wa khomo lachitatu, amene amadziwa nkhani za anthu onse, anatembenuka.

"Mwana wasowa iwe. Akulu ako tikumva kuti sali bwino. Akuti ndi chiyani kwenikweni?"

Ndinaika ndowa yanga pamzere.

"Akudwala, amayi. Bwerani mudzawaone."

Mayiwo anakonza duku lawo n'kunena kuti, "Ee, tibwera, tibwera." Ena nawo anavomera chapansipansi.

Masana a tsiku lomwelo anabwera awiri. Wina anatenga nthochi, wina thobwa m'botolo. Mayi wa khomo lachitatu anabwera mawa lake, ndipo ndikukhulupirira kuti anabwera kudzaona ndi maso basi, chifukwa maso ake ankangoyendayenda pa mikono ya achemwali. Komabe anakhala pansi, anafunsa mmene agonera, ndipo potuluka anasiya kapepala ka shuga. Ena amene anati tibwera sanabwere mpaka mapeto. Sindiwasungira mangawa. Mantha aja nanenso ndinkawadziwa.

Amayi anga atabwera kumsika n'kupeza chitseko chili pululu, nthochi zili pa tebulo, anakwiya kwambiri. Sanandikalipire ine, analunjika pakona. Ndinawatsatira chapatali.

"Mayi, nyumba yanga mwayamba kuyendetsa ndinu? Akatithamangitsa pano mudzatisunga?"

"Ndidzakusungani pakhondepa, pafupi ndi mbaula, simudzamva kuzizira."

"Ine sindikuseka."

Amayi a pakona anasiya nthabwala. Anaimirira n'kulankhula motsitsa mawu, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita.

"Pepani, mayi, ndinalowa osakupemphani. Pamenepo ndinalakwa. Koma mwana wanu ali moyo. Mwamutsekera ngati tamuika kale."

Amayi anga anatembenuka n'kubwerera kunyumba. Chitseko anachitseka, koma m'mawa mwake popita kumsika anachisiya chotsegula pang'ono, atachitchinjiriza ndi njerwa.

Panatsala alandilodi. Iwo sankabwera pampopi nthawi ya mzere, ankangoyang'ana ali pawindo. Loweruka lina ndikutsuka mbale anandiitana pakhonde pawo. Ndinagwada patali pang'ono monga timachitira. Kuseri kwawo kunali mtengo wawo wa mandimu, umene mwana aliyense wa pamdadada amadziwa kuti ukathyolapo limodzi, makolo ako amva.

"Ndikuona anthu akulowa ndi kutuluka kwanuko. Akulu ako akudwala chiyani?"

"Akudwala, agogo. Bwerani mudzawaone."

"Zimenezo ukauze anzako apampopi. Ine ndikufunsa ngati mwini malo. Si matenda aja amenewa?"

Apa mawu a amayi a pakona anandithera. Funso linali lolunjika, lofuna ee kapena ayi. Ndikanati ayi, ndikananama, ndiponso achemwali anali atandiletsa. Ndikanati ee, ndikanapereka chinthu chimene sichinali changa. Ndinayang'ana pakona, koma pakhonde panalibe munthu, anali atapita kuchigayo. Ndinadzifunsa kuti akanakhala iwo atagwada pamene ndagwadapa akanatani. Sindinapeze mawu awo, koma ndinakumbukira funso lawo lija lakuti mwini matenda akuti chiyani.

"Agogo, mwini wake alipo, ndipo akutha kulankhula. Ine sindingawayankhire. Tiyeni ndikuperekezeni mukawafunse."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumawondo. Ndinkayembekeza kumva kuti mwezi ukatha tichoke. M'malo mwake anafufuza patapata wawo ndi phazi, n'kudzuka.

Bwalo lathu ndi laling'ono, koma tsiku limenelo ndinaliona kutalika. Makatani ankagwedezeka m'mawindo. Tikufika pakhomo, achemwali anali atamva kale mapazi.

"Ameneyu ndi patapata wa agogo alandilodi. Lowani, agogo. Pepani sinditha kudzuka."

Alandilodi anaima pakati pa chipinda, manja ali kumbuyo kuti asakhudze kanthu. Ndinawaikira mpando. Anauyang'ana, anayang'ana achemwali ali pansi pamphasa, ndipo mwambo unawakulira. Munthu wamkulu salankhula ndi wodwala ali chiimire. Anakhala.

"Mwagona bwanji, mwanangu?"

"Ndagonako, agogo. Chifuwa chokha."

"Mukudya?"

"Phala pang'ono."

Funso limene anabwera nalo silinatuluke. Ndinkaona milomo yawo ikuyenda, koma pamphasa paja linalibe polowera. Ndi achemwali amene anawathandiza.

"Agogo, ndikudziwa chimene mukufuna kumva. Ndi omwe aja. Ndakuuzani ndekha kuti musavutike ndi kufunsa mwanayu. Akuchipatala akuti sapatsirana m'bafa kapena m'kapu. Koma malo ndi anu. Chimene ndikupempha, amayi anga musawachotse chifukwa cha ine. Ine sindichedwa."

Alandilodi anayang'ana makina osokera a achemwali amene anali pangodya atavundikiridwa ndi chitenje. Kenaka anadzuka.

"Chipinda chino mulibe mphepo. Muzimutulutsa panja m'mawa aziwothera dzuwa."

Anatuluka. Sindinganene kuti anasinthiratu. Tsiku lililonse tikatuluka m'bafa ndi achemwali, iwo ankabwera ndi ketulo ya madzi owira n'kuthira pansi ponse, tonse tikuona. Zinkandiwawa, ndipo ndinadandaulira amayi a pakona. Iwo anati, "Asiye. Bafa silinayerepo chonchi chimangireni." Koma za kusamuka sanazitchule konse. Ndipo m'mawa wina tinapeza mandimu pakhomo pathu, m'mbale ya alandilodi imene tonse timaidziwa. Mandimuwo ankabweranso kawirikawiri mpaka mtengo unatha zipatso.

Kuyambira pamenepo achemwali ankakhala panja. Ndisanapite kusukulu ndinkayala mkeka pamene dzuwa limayambira kugunda, pafupi ndi chingwe choyanikira, ndipo ine ndi amayi tinkawagwira m'mapewa mpaka pamenepo. Ndikabwera masana ndinkawapeza ali ndi wina. Mtsikana wa khomo lachiwiri anawaluka tsitsi, ngakhale linali litapyapyala. Ena ankabwera ndi nyemba zawo kudzasankhira pomwepo. Bulauzi ija ya amayi a pakona anaisokadi ndi singano yapamanja, masiku angapo, akupumira, ndipo ataimaliza anakangana za mtengo wake ngati anthu awiri amphamvu pamsika.

Tomato wa amayi anthu ena anasiyadi kugula. Zimene ankaopa sizinali zopeka. Panali masabata amene tinkadya ndiwo zamasamba zokhazokha. Koma tsiku lina ndikuwathandiza kunyamula dengu anandiuza, osandiyang'ana, kuti, "Mkulu wako wayamba kufunsa kuti lero ndi lachingati."

Achemwali anatisiya m'nyengo yozizira, m'mawa, dzuwa litangofika pamkeka wawo. Sanali okha. Amayi anali atawagwira mutu, amayi a pakona akupemphera mapemphero awo a Chikatolika, ife a mpingo wina tikungovomera ameni. Pamaliro bwalo linadzaza. Alandilodi anatsegula nyumba yawo kuti azimayi ochokera kumudzi agonemo, ndipo madzi a pampopi masiku amenewo anati tizingotunga osalipira.

Pambuyo pake ndinawafunsa amayi a pakona kuti mawu aja anawaphunzira kuti. Ndinkaganiza kuti mwina ndi chiphunzitso cha kutchalitchi kwawo, choti ndikhoza kuchilemba ndi kuchisunga.

"Kuphunzira? A Fomu, inu zonse mumafuna zikhale ndi buku. Ine ndazolowera kulowa m'nyumba za anthu basi. Ena amati ndine wamwano."

Ndaganizira kwambiri yankho limeneli. Malamulo anga atatu aja onse anali ndi chabwino chake. Amayi ankateteza nyumba, aphunzitsi ankateteza dziko, abusa ankateteza lilime langa. Koma palibe limodzi mwa iwo limene linanditumiza kukakhala pamphasa ndi kufunsa achemwali chimene akufuna. Chimenecho chinachokera kwa munthu amene wakhala akulowa m'zipinda za odwala zaka zambiri, mpaka miyendo yake inazolowera njira. Ndipo tsiku limene mawu awo sanakwane, pakhonde pa alandilodi paja, chimene chinandithandiza ndi kuwakumbukira iwo eni, mmene amaonera munthu. Ndikuganiza kuti khalidwe limaphunziridwa choncho, poyenda pambuyo pa wina amene ali nalo, monga mmene achemwali anaphunzirira kusoka ataima pambali pa makina a mnzawo.

Ndikuthokoza kuti amayi anaika njerwa ija pachitseko, ngakhale ankadziwa chimene chiwatayitse. Ndikuthokoza chifukwa cha mandimu. Ndikuthokoza kuti achemwali anga anakhala miyezi yawo yomaliza padzuwa, akuseka ndi anthu ndi kuwauza kuti misoko ya madiresi awo ndi yokhota.

Chaka chino ndili Fomu 4, ndipo ndikufuna ndidzaphunzire unamwino mayeso akandiyendera bwino. Mwezi wathawu, pamdadada wa kuseri kwathu, ndinaona chitseko china chimene chakhala chotseka masana onse, ndipo kamtsikana ka m'nyumbamo kayamba kukatunga madzi kutsidya kwa msewu. Ndinauza amayi a pakona. Anali ndi mtanda m'manja, ndipo sanadzuke.

"Ukundiuza ine kuti nditani? Miyendo ulibe?"

Anandiikira mandasi m'kambale komwe kaja. Ndinayenda mpaka pakhomopo, kambale kakunditentha m'manja. Mkati wina anatsokomola. Ndinati, "Odi kuno."